Chiuno Cholira cha Kenneth

Edna anayamba kudana ndi mganda tsiku limene anamva anthu akuwombera m'manja matenda a mwamuna wake.

Kale sanali choncho. Kwawo ku Ntchisi, ali mtsikana, ankasiya mtondo pabwalo akangomva mabadza, malipenga aja a zipanda, akulira, ndipo kugule komweko ndi kumene anamuonera Kenneth koyamba, mnyamata wamtali wovala zoyera zokhazokha, akuponya mwendo mpaka bondo kufika pachifuwa. Atabwera ku Joni mu 1995 n'kumanga mkhukhu wawo wa malata ku Ramaphosa, kuseri kwa Reiger Park, Edna ndi amene anakondwa kuposa onse atamva kuti amuna a ku Ntchisi, ku Dowa ndi ku Kasungu ayambitsa gulu la mganda. Anati bola azivina kusiyana n'kukathera Lamulungu lonse m'mashabini.

Pa mganda amuna amavina, akazi amachapa. Zimenezi saziimba m'nyimbo, koma ndi mmene zilili. Wovina aliyense amavala kabudula woyera, malaya oyera, masokosi oyera ofika m'maondo ndi kampango koyera kokupiza m'manja, ndipo kuyeretsa zinthu zimenezi ku Ramaphosa si masewera. Madzi ndi okaimira pamzere kumpopi, ndipo mphepo ikangowomba kuchokera ku zimilu za mchenga wa m'migodi, chovala chimene wayanika chimasanduka chachikasu usanatembenuke n'komwe. Edna anali ndi njira zake. Ankanyika mu jiki, kutsukuluza ndi buluu, kuyanika m'mawa mphepo isanadzuke, kusita ndi simbi ya makala atayala nsalu ina pamwamba kuopa phulusa, kenako n'kukulunga zonse m'chitenje. Kumpopi akazi anzake ankachita kumufunsa kuti amathiramo chiyani.

Ankalimbikira chonchi chifukwa cha a Dokotala. Gulu la mganda limatengera za asilikali, aliyense ndi udindo wake. Wamkulu amatchedwa Kingi, ndipo Kingi wa ku Ramaphosa anali a Japhet, mdala amene anabwera pa Theba kalekale n'kutchona, m'chifuwa mutadzaza fumbi la mgodi koma pakamwa padakali mphamvu. Pansi pa Kingi pamakhala Dokotala, amene amayendera mzere wa ovina gule asanayambe, anthu onse akuona, kuti aone ngati asamba, ngati awenga zikhadabo, ngati zovala zili zoyera. Wopezeka ndi litsiro savina tsiku limenelo. Udindo umenewu unali wa bambo Alufandika, amene Lolemba mpaka Loweruka ankatchetcha kapinga kwa azungu ku Boksburg. Chijasi chawo choyera anachitola pa butchala ina itatsekedwa, ndipo chopimira chimene ankakoleka m'khosi anachipanga okha ndi kapaipi ka dripi ndi chotsekera cha m'sinki. Udokotala wawo unathera pomwepo. Koma akavala chijasicho ankayenda ngati dziko ndi lawo, ndipo pa nkhani ya ukhondo sankayang'ana nkhope. Tsiku lina anatulutsa wovina wina, Zakeyu, pamzere chifukwa cha kadontho ka tiyi pa kolala, kochepa ngati nyemba, ndipo mkazi wa Zakeyu anatha nthawi yaitali akutunga madzi atawerama, osafuna kuonana maso ndi anzake.

Chiuno cha Kenneth chinayamba kulira m'nyengo yozizira ya 1997. Ankakonzekera pabwalo la fumbi la kuseri kwa mikhukhu, ndipo ng'oma itangoleka, Kenneth anakweza bondo lakumanja, kulikhotetsera kunja, ndiye potsitsa mwendo panamveka kuti kho! ngati munthu wathyola nzimbe. Onse anatembenuka. Kenneth anaseka, nati sizikupweteka, n'kubwerezanso kuti aone. Chinaliranso.

Munthu wanzeru akanati mwana uyu akapimitse. A Japhet anati mwana uyu aime kutsogolo. Anakonza kuti pakati pa nyimbo iwo aziimba wezulo, ng'oma ndi mabadza zizingoti zii, Kenneth azituluka pamzere, kukweza bondo, kutsitsa, kho! ng'oma n'kuyankha. Zinagwira mtima anthu. Pabwalo pamene kale pankabwera Amalawi okhaokha panayamba kudzaza Azulu, Amashangani, ngakhale makaladi a ku Reiger Park, onse akukuwa kuti "Phinda! Phinda!", kuti abwereze. Anamutcha dzina lakuti Mfuti. Kenneth ankabwereza mpaka thukuta kudontha pachibwano, a Japhet ataima pambali akumwetulira ngati chiunocho anachita kusula okha.

Ng'oma yolira sikhalira kusweka. Pofika mu Ogasiti, ululu unali utalowa m'mphechepeche, kutsogolo kwa chiuno. Edna ankamuona mwamuna wake m'mawa atakhala m'mphepete mwa bedi, akuluma mlomo, akunyamula mwendo ndi manja kuti avale thalauzi. Zimenezi zinkamuwawa mtima, koma chimene chinkamusowetsa mtendere kwenikweni chinali Isando. Kenneth ankagwira ntchito m'nyumba ina yosungiramo katundu kumeneko, kukweza makatoni m'mathiraki, kukwera ndi kutsika tsiku lonse. Ntchito yake sinali yolembedwa penapake. Kapitawo ankangoloza ndi chala m'mawa uliwonse, ndipo kunja kwa geti kunkakhala amuna ambirimbiri amiyendo yabwinobwino akudikira kuti wina adwale. Kapitawoyo anali atafunsa kale kuti, "Wena Malawi, mwendowo bwanji?" Ndipo kumudzi ku Ntchisi kunali mwana wawo Ufulu, amene anamusiya ndi agogo ake akuyamba kumene kuyenda, ndipo chilichonse chimene mwanayo ankadya ndi kuvala chinkachokera pa mwendo womwewo.

Edna anapempha tsiku kwa dona amene ankamugwirira ntchito ya m'nyumba, n'kumukoka Kenneth kupita naye kuchipatala chachikulu. Atakhala pamabenchi mpaka masana, anawatumiza kwa mayi wina wachitsikana wa Chisuthu, wa ntchito yowongola minofu ndi mafupa. Mayiyo anamugoneka Kenneth chagada, kupinda mwendo, kuukhotetsa, kuuwongola. Chiuno chinalira, Kenneth n'kutsinzina.

"Palibe chathyoka," anatero mayiyo, akusakaniza Chizungu ndi Chizulu kuti onse amve. "Kutsogolo kwa chiuno kuno kuli chingwe cholimba cholumikiza mnofu ku fupa la ntchafu. Chanu chathina, ndiye mukakweza mwendo n'kutsitsa chimakodwa pa fupa, kenako n'kudumpha. Kulirako ndi kumeneko. Ovina ndi othamanga ambiri amakhala nazo, ndipo ngati sizikupweteka sitidandaula. Koma chanuchi chakhulika mpaka chatupa. Chimalira chokha kangati pa tsiku?"

"Sichilira chokha, sisita," anayankha Edna mwamuna wake asanatsegule pakamwa. "Amachita dala. Anthu amawombera m'manja."

Mayiyo anamuyang'ana Kenneth. Kenako anamuonetsa mmene angagwadire bondo limodzi n'kukankhira chiuno kutsogolo kuti chingwecho chifewe, m'mawa ndi madzulo, anamupatsa mapiritsi, n'kumuuza kuti zoponya mwendo m'mwamba aiwale mpaka ululu utatheratu.

"Mukachipumitsa chichira, mudzavinanso. Mukapitiriza, tsiku lina mudzalephera kukwera ngakhale sitepe ya tekisi, ndipo kuchira kwake kudzatenga miyezi."

"Yebo, sisi," anatero Kenneth, muja amunawa amavomerera zinthu akakhala m'chipatala.

Anapumitsadi kwa masabata angapo, ndipo kutsimphina kunayamba kuchepa. Kenako kunabwera uthenga wakuti ku KwaThema, pafupi ndi Springs, kukhala mpikisano wa magule m'holo ya pasukulu ina, ndipo a mganda aitanidwa. Kukhala Azulu a m'mahostelo, Apedi, Amashangani, ndipo opambana atenga chikho ndi nkhosa. Kutatsala sabata, Lamulungu masana, a Japhet ndi bambo Alufandika anatulukira pakhomo pa Edna. Alufandika anali atapinda chijasi chawo m'khwapa, ndipo Edna atangochiona chijasicho anadziwa kuti sanabwerere moni.

Anawapatsa mipando, kuwapatsa tiyi, iye n'kukhala pa chidebe pafupi ndi chitseko.

"Tamva kuti mfana wathu akudwala," anayamba a Japhet. "Ndiye tati, ayikhona, gulu lili ndi dokotala wake. Munthu wathu angapimidwe ndi akunja ife osamuona?"

Alufandika anavala chijasi, kumanga mabatani onse, kukoleka kapaipi kaja m'makutu. Anauza Kenneth kuti aime, n'kuika chotsekera cha m'sinki pa chiuno. Edna anayembekeza kuti wina aseka. Palibe anaseka. Amuna atatu aakuluakulu, mmodzi wa imvi, anali chete m'nyumba yake akumvetsera chotsekera cha m'sinki.

"Kwezani mwendo," anatero Alufandika.

Kenneth anakweza, n'kutsitsa. Kho! Nkhope yake inachita tsinya, koma a Dokotala anali atatsinzina, akugwedeza mutu mosangalala.

"Fupa ili ndi lamoyo. Likanakhala lodwala silikanalira chonchi. Lodwala limakhala chete. Mwanayu ali shapu, a Kingi, avina."

"Bambo Alufandika," anatero Edna, "kuchipatala anati si fupa. Anati ndi chingwe cha mnofu chatupa."

"Kamtsikana ka kuchipatala kakudziwa chiyani za mganda? Kanavinapo? Ine ndayamba kupima ovina inu musanabadwe, mayi."

"Mumapima makolala!"

"Mayi a Ufulu," anatero a Japhet motsitsa, koma maso atauma, "nkhani ya gule ikamakambidwa, akazi amamvetsera. Komanso ndikuuzeni, ku KwaThema kuli chimkuzamawu. Ndakamba nawo kale eni ake. Pa nthawi ya Mfuti munthu azidzagwira chimkuzamawucho pa chiuno penipeni, holo yonse idzamve. Azuluwa adzadziwa kuti Malawi si wongokolopa ndi kulondera."

Edna anayang'ana mwamuna wake kuti anene kanthu. Kenneth ankayang'ana m'kapu.

Alendo atangotuluka, Edna sanadikire kuti afike patali.

"Bambo a Ufulu, munali ndi ine kuchipatala kapena ndinapita ndi mthunzi wanu? Munthu wa kapinga akuikeni chotsekera cha m'sinki pathupi, inu n'kumati zikomo?"

"Ndi kamodzi kokha, mayi a Ufulu. Ndikavina ku KwaThema ndipuma."

"Kamodzi! Akati phinda mukana? Lolemba lake mukakwera thiraki ndi chiyani, ndi chikho? A Japhet adzakunyamulirani makatoni? Akadzakulozani geti, nkhosa ija idzadyetsa Ufulu mpaka liti?"

Kenneth anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Inu simukudziwa. Ku Isando dzina langa ndi Wena Malawi. M'tekisi ndimakhala chete kuopa kuti amva kalankhulidwe kanga anditukwane kuti kwerekwere. Wapolisi akaima pakona ndimayang'ana pansi ngati ndaba. Malo amodzi okha m'dziko lino pamene anthu amaitana ine ndi kufuna kundiona ndi pabwalo paja. Ndiye mukuti ndikakhale pa benchi ndi amayi?"

Edna anamva chisoni, chifukwa zinali zoona, ndipo chisonicho chinangowonjezera mkwiyo. Iyenso kwa dona wake dzina lake linali loti dona anachita kumusankhira, koma sanaganizepo zothyola mwendo kuti amutchule bwino.

"Sakufuna kuona inu," anatero. "Akufuna kumva pamene pakupwetekapo."

Kenneth anatuluka. Sabata yonseyo ankabwera kuchokera ku Isando n'kupitirira kubwalo, ndipo kutsimphina kuja kunabwerera. Zogwada bondo limodzi anasiya. Edna analankhula Lolemba, analankhula Lachiwiri, pofika Lachinayi anaona kuti akungotaya malovu. Anapita kwa mkazi wa a Japhet, amene anamuuza kuti amuna ndi ana, asiyeni asewere. Anapita kwa mkulu wa mpingo, n'kupeza kuti nayenso walipira kale malo m'tekisi ya ku KwaThema.

Loweruka anachapa monga mwa masiku onse. Manja ake sankadziwa kuchapa moipa. Ananyika, kutsukuluza, kuyanika, kusita, ndipo kabudula anatuluka woyera mbee, mizere yake ili chilili. Anamuyala pa bedi n'kumamuyang'ana. Anaganiza zomubisa, koma anadziwa kuti Kenneth akangobwereka wina usiku usanafike. Anaganiza zomuwotcha ndi simbi, koma zinali chimodzimodzi. Chofunika chinali chakuti zidziwike nthawi itatha, pamaso pa anthu, pamene bambo Alufandika sangabwerere m'mbuyo. Munthu amene anatulutsa Zakeyu chifukwa cha kadontho ka tiyi analibe pothawira.

Pansi pa bedi panali kachitini ka polishi wofiira, wotsala pa amene ankapaka pakhonde la dona wake Lachisanu lililonse. Polishi ameneyu akalowa mu nsalu satuluka, Edna ankadziwa bwino, chifukwa madiresi ake awiri anathera m'maondo. Anatsegula chitinicho, n'kukumbukira mkazi wa Zakeyu atawerama kumpopi. Ankadziwa kuti mawa akazi onse a ku Ramaphosa adzati Edna uja wa jiki ndi buluu watumiza mwamuna wake kugule ngati wogulitsa nyama. Anapisa zala zonse m'chitinimo, n'kupaka kutsogolo kwa kabudula, mbali ya kumanja, pamalo penipeni pamene chiuno chimalirira, banga lalikulu ngati chikhatho. Anapinda kabudulayo banga lili mkati, kuika malaya pamwamba, n'kukulunga m'chitenje monga mwa nthawi zonse.

Mawa lake anafika ku KwaThema mochedwa, chifukwa tekisi imene anachita hayala inayamba yakatula anthu a maliro. Holo inali itadzaza, Apedi akumaliza gule wawo, ndipo woyendetsa mwambo anali ataitana kale Amalawi kawiri. Amuna anathamangira kuseri kukavala, akazi n'kukhala pa benchi ya m'mbali pafupi ndi khomo. Edna anakhala kumapeto, manja ataika pamiyendo.

Sipanapite nthawi, Kenneth anatulukira pakhomo paja atavala zonse, dzanja lakumanja litapanikiza kampango pa chiuno. Anawerama mpaka nkhope yake inafika pafupi ndi ya mkazi wake.

"Iwe. Wachita chiyani?"

Chikwatiranireni anali asanamutchulepo kuti iwe pagulu.

"Ndachapa, ndasita, ndapaka," anatero Edna. "Pitani akakupimeni a Dokotala anu."

Wezulo ya a Japhet inalira. Kenneth anayang'ana uku ndi uku, koma anzake anali akulowa kale pamzere, ndipo kunena kuti mkazi wanga wandichita chipongwe pamaso pa Azulu sakanatha. Analowa kumapeto kwa mzere, dzanja lidakali pa chiuno.

Anthu a ku KwaThema anali asanaonepo mganda, ndipo kuyendera kwa a Dokotala kunawakomera kwambiri. Bambo Alufandika anayenda monyang'wa, manja kumbuyo, akusuzumira m'makutu mwa ovina, kutembenuza zikhatho, kununkhiza m'khwapa n'kugwedeza mutu, holo yonse ikufa ndi phwete. Kumbuyo kwawo kunkatsatira mnyamata wa eni mwambo atagwira chimkuzamawu cha chingwe chachitali, kuti chilichonse chimene a Dokotala anena chimveke. Anadutsa Zakeyu, atayang'anitsitsa kolala yake nthawi yaitali kuposa ya ena. Kenako anafika pa Kenneth.

"Manja kutsogolo."

Kenneth sanasunthe. Alufandika anagwira dzanja lija n'kulichotsa okha. Banga linaonekera, lofiira psuu pa nsalu yoyera, loti ngakhale wokhala kumbuyo kwa holo analiona. Pa benchi ya akazi wina anati, "Mayo ine!" ndipo onse anatembenukira kwa Edna. Iye anangoyang'ana kutsogolo. Kenneth anaweramitsa mutu, n'kuyamba kusuntha phazi kuti atuluke, chifukwa lamulo ankalidziwa.

Bambo Alufandika anayang'ana bangalo, kenako anayang'ana a Japhet. A Japhet anayang'ana patebulo pamene panali chikho, n'kugwedeza mutu pang'ono. Ndiye a Dokotala anakoleka kapaipi m'makutu, kuika chotsekera cha m'sinki pakati penipeni pa polishi, kutsinzina, kumvetsera, n'kutembenukira ku chimkuzamawu.

"Woyera! Ameneyu ali shapu, avina!"

Edna sanadziwe kuti waimirira liti. Anangozindikira ali pakati pa holo, chitenje chikumasuka, mawu ake akumveka popanda chimkuzamawu.

"Woyera? Bambo Alufandika, mwati woyera? Ndapaka ndine polishi ameneyo, ndi manja angawa, onani zikhadabo! Munthu wamkulu, wa ana ndi zidzukulu, mukuona chofiira n'kumati choyera chifukwa cha nkhosa? Mwana wa eni ake akutsimphina sabata yonse inu mukuona, mukuti ali shapu! Akadzamuchotsa ntchito mudzamugawira kapinga wanu? Inunso a Japhet, mgodi unakudyani chifuwa, ndiye mwati nanunso mudye mwendo wa mwana wa mnzanu? Ngati mukufuna cholira, thyolani chanu!"

"Thula wena! Khala chete!" anakuwa a Japhet. "Akazi, mutengeni uyu!"

Palibe mkazi amene ananyamuka. Anthu a m'holo, amene Chichewa sankachimva, ankaganiza kuti mwina ndi mbali ya gule, ndipo ena anayamba kuwomba m'manja. Koma pamzere zinthu zinali zitasokonekera. Zakeyu anali atatuluka, akuloza pachifuwa pa a Dokotala. Chotsekera cha m'sinki chija, atachisiya kuti chilendewere, chinali chitadinda chizindikiro chofiira pa chijasi choyera.

"Ine munanditulutsa chifukwa cha tiyi," anatero Zakeyu, mawu akumveka m'chimkuzamawu chimene mnyamata uja anaiwala kuchotsa. "Mkazi wanga analira. Lero uyu ali ndi chikhatho chathunthu mukuti woyera. Inunso muli nalo pachifuwa. Tulukani nonse awiri, kapena mutiuze kuti lamulo lija linali la amphawi a miyendo yosalira."

Kenneth sanamve zonsezi bwinobwino. Ankayang'ana bangalo. Analigwira ndi chala, chala n'kufiira. Kenako anayang'ana bambo Alufandika, n'kufunsa motsitsa, mwaulemu, ngati akufunsa njira.

"A Dokotala, kabudulayu mwati ndi woyera?"

"Ndatero, mwana wanga. Usamvere za akazi. Ine ndikati uli bwino, uli bwino."

"Ngati mmene munanenera kunyumba kuja?"

"Eya, chimodzimodzi."

Kenneth anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapinda kampango kake bwinobwino, kukaika m'thumba la chijasi cha a Dokotala, n'kutuluka pamzere. A Japhet anakuwa kuti buya lapa, bwerera kuno, anaimba wezulo, anatchula dzina la bambo ake a Kenneth ndi mudzi wawo, koma iye sanacheuke. Anadutsa pakati pa holo, ndipo popeza panalibe ng'oma yomubisa, aliyense anaona mmene mwendo wakumanja unkakokera. Amalawi ena kumbuyo anayamba kukuwa kuti Mfuti, Mfuti, koma anasiyira panjira.

Edna anabwerera pa benchi, akazi anzake n'kumusunthira malo ochuluka kuposa amene ankafunika. Kenneth anafika, kugwira khoma, n'kukhala pambali pake. Pokhala paja chiuno chinalira chokha, kho! ndipo amene anali pafupi anamva. Palibe amene anawomba m'manja.

Kutsogolo a Japhet anali akukankhira amuna pamzere, Zakeyu akukanabe, bambo Alufandika akupukuta chijasi ndi malovu, banga likungokulirakulira. Woyendetsa mwambo anati Amalawi avine kapena apereke mpata. Mabadza anayamba, osagwirizana bwino.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa mitundu," anatero Kenneth, osamuyang'ana mkazi wake.

"Eya. Inenso kumpopi sindikudziwa kuti ndikapita bwanji. Koma mawa mukwera thiraki."

Kenneth anakanda polishi uja ndi chikhadabo, koma sanachoke.

"Ameneyu angayerenso?"

"Sindikudziwa," anatero Edna. Mkwiyo unali usanamuchoke, ndipo sanafune kuti umuchoke msanga. "Muchapa nokha."

Ng'oma yaikulu italowa, mwendo wakumanja wa Kenneth unayamba kugwedezeka wokha pansi pa benchi, chidendene chikunyamuka, bondo likufuna kukwera. Edna anaika dzanja pa bondo lija, dzanja la zikhadabo zofiira, n'kulikanikiza pansi ndi mphamvu zake zonse mpaka nyimbo inatha.